Njiwa Zimatha

Mlenje woombera njiwa zotera mumtengo ndi mfuti ya cifefe amawiringula kuti, "Mbalame sizitha." Munthu wotere alikudzinamiza yekha.

Ku America kunali mtundu wa njiwa zakuthengo zoculuka kotero kuti pouluka zinkaphimba dzuwa. Alenje ankazilonda pogona pao ndi pa zisa zao, naziombera ziri phee pa nthambi, nazitumiza m'migolo pa sitima yapamtunda kukagulitsa m'mizinda. Kuomba kumodzi kunkagwetsa zambiri, ndipo maunda ankafa ndi njala m'zisa. Njiwa yotsiriza ya mtunduwo, dzina lake Martha, inafera m'khola ku Cincinnati pa 1 September 1914.

Mlenje wanzeru akumbukire Martha asanakoke mfuti. Madzi akatayika saoleka.