Madzi Owira pa Madigiri 96

Mwana wa sukulu ku Lilongwe akaviika choyezera kutentha m'madzi amene akuwira bwatabwata, mzere wake umaima pa madigiri 96 kapena 97, pamene buku lake likuti 100. Mphunzitsi wosakonzeka amanena kuti choyezeracho n'chowonongeka, kapena amauza mwanayo kuti angolemba 100 pakuti ndiyo nambala imene idzafunike pa mayeso. Ndinaonapo mtsikana wina akufufuta chimene maso ake anaona ndi kulemba chimene sanaone, ndipo kufikira lero mtima wanga sukondwa ndikakumbukira.

Mwanayo sanalakwe, ndipo buku silinaname. Linangosiya mawu ena panjira. Madzi opanda zosakaniza amawira pa madigiri 100 pamene mpweya wowapanikiza uli wolemera monga wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Munthu akamakwera kumtunda mpweyawo umapepuka, chotero nthunzi imatuluka m'madzi mosavuta, ndipo madziwo amawira asanatenthe kufika pa 100. Pa mamita 300 alionse okwera, pafupifupi digiri imodzi imachoka. Lilongwe ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000, n'chifukwa chake mwana uja anapeza 96. Pansonga ya Sapitwa, pa mamita 3,002, madzi angawire pafupi ndi madigiri 90, ndipo wophika nyemba kumeneko ayenera kutola nkhuni zambiri.

Tsono inu amene mukukonzekera kukaima patsogolo pa kalasi, dziwani kuti lamulo lililonse la sayansi lili ndi malire ake monga munda, ndipo wophunzitsa lamulo popanda malirewo waphunzitsa theka. Lamulo limene Robert Hooke anafalitsa mu 1678 limati sipuling'i imatamuka molingana ndi katundu amene mwaikoleka: katundu akawirikiza kawiri, kutamukako kuwirikizanso kawiri. Izi n'zoona kufikira pamene katunduyo wapyola muyezo; kuchokera apo waya umapindikiratu, subwereranso mwakale, ndipo masamu aja sathandizanso kanthu. Ndikudziwa kuti zipangizo n'zosowa, koma ndi bwino kuwononga sipuling'i imodzi pachaka ana akuona, kusiyana ndi kuwasiya akuganiza kuti mzere wa pa girafu umangopita osalekeza.

Ngakhale masamu ali chimodzimodzi. Timati ngodya zitatu za triangle zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180, koma izi zimachitika pamalo athyathyathya pokha. Tengani lalanje, jambulani mizere iwiri yochokera pamchombo, yotalikirana madigiri 90, kutsikira pamimba pake, ndipo muilumikize ndi mzere wozungulira pamimbapo. Ngodya zonse zitatu zidzakhala za madigiri 90, pamodzi 270.

Ena adzati ana asokonezeka, ndiponso nthawi ya silabasi siilola. Ndikuvomera kuti mwana wamng'ono sitingamusenzetse zonse tsiku limodzi. Komabe kuwonjezera mawu akuti “pokhapokha ngati” kumbuyo kwa lamulo sikudya ngakhale mphindi imodzi. Polemba chikonzero cha phunziro, ikani pansi pa lamulo mzere wina wonena pamene limagwira ntchito. Ndipo musanawiritse madzi m'kalasi, yambani mwaona pamapu kuti sukulu yanu ili pa mamita angati, muwerengere pamodzi ndi ana nambala imene ayenera kuyembekeza, kenaka muwapatse choyezera.