Chiganizo Chachitali Si Umboni wa Nzeru

Pakati pa ophunzira a ku sekondale pali chikhulupiriro chakuti munthu wodziwa Chingerezi ndi amene amalemba ziganizo zazitali ndi zopiringizika. Mnyamata akalemba chiganizo cha mizere isanu popanda mpumiro, anzake amamuwombera m'manja namutcha katswiri. Maganizo amenewa ndi olakwika ndipo ayenera kutsutsidwa poyera, pakuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji masamu ndi sayansi. Tsono chizolowezi chimene chingamugwetse mwana pa phunziro limeneli sichiyenera kulekereredwa.

Potengera kapangidwe kake, ziganizo za Chingerezi zili m'mitundu inayi. Mtundu woyamba ndi simple sentence, chiganizo chopanda nthambi, chimene chili ndi mwininkhani ndi mneni wake basi: "The bus left." Wachiwiri ndi compound sentence, chiganizo chazigawo, chimene chimalumikiza zigawo ziwiri kapena zoposerapo zoti chilichonse n'kuyima pachokha: "The rain stopped, and the bus left." Alumikizi a ntchito imeneyi alipo asanu ndi awiri: and, but, or, nor, for, so ndi yet. Wachitatu ndi complex sentence, chiganizo chanthambi, m'mene muli nthambi imodzi yoyima payokha ndi ina yotsamira pa inzakeyo: "The bus left because the rain stopped." Nthambi yotsamirayo kawirikawiri imayamba ndi mawu monga because, although, when, if kapena which. Wachinayi ndi compound-complex sentence, umene umaphatikiza wachiwiri ndi wachitatu: "When the rain stopped, the bus left, but the lorry stayed."

Choyamba chimene okonda ziganizo zazitali sadziwa n'chakuti mtundu wa chiganizo suoneka ndi kutalika kwake. Chiganizo chakuti "The old farmer from the hills beyond the river sold his maize at the market on Friday" chili ndi mawu 17, koma n'chopanda nthambi chifukwa mneni ndi mmodzi yekha, sold. Chakuti "If it rains, stay" chili ndi mawu anayi okha, komabe n'chanthambi. Amene amayesa ziganizo ndi chingwe ngati munda wa fodya sanayambe n'komwe kumvetsa phunziroli.

Chachiwiri n'chakuti mitundu inayi ija sinasanjidwe ngati makalasi, kuti woyamba ndi wa ana ndipo wachinayi ndi wa madokotala. Uliwonse uli ndi ntchito yake. Chopanda nthambi chimanena mfundo imodzi mosazungulira. Chazigawo chimaika mfundo ziwiri pa sikelo mofanana. Chanthambi chimakweza mfundo imodzi n'kutsitsa inzake, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu yake. Bwana angalembe za kalaliki wake kuti, "Although the clerk works hard, he lost the money." Angalembenso kuti, "Although the clerk lost the money, he works hard." Mfundo zake ndi zomwezo, koma chiganizo choyamba chikumuchotsa kalalikiyo ntchito pamene chachiwiri chikumupepesera. Zimene zaikidwa m'nthambi yoyima payokha ndi zimene wowerenga amatsala nazo m'mutu. Wolemba amene amamata nthambi pofuna kuti chiganizo chioneke cholemera angathe kupachika munthu wosalakwa, iye mwini osadziwa.

Chachitatu, pothamangira kutalikitsa ziganizo m'pamene ophunzira amagwa m'mbuna zitatu zodziwika bwino. Yoyamba imachokera ku chiyankhulo chawo chomwe. M'Chichewa n'zomveka kunena kuti, "Ngakhale anadwala, koma anabwera." Wophunzira akatengera kayankhulidwe kameneka ku Chingerezi amalemba kuti, "Although he was sick, but he came," chimene ndi cholakwa, chifukwa although ndi but sagwirira pamodzi ntchito yolumikiza nthambi zomwezo. Ayenera kusankha mmodzi. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Mbuna yachiwiri ndi kusiya nthambi yotsamira payokha, monga "Because the bridge was broken." Wowerenga amadikira kumva chimene chinachitika chifukwa cha mlathowo, koma amangopeza mpumiro. Yachitatu ndi kulumikiza zigawo zoyima pazokha ndi mpatuliro wokha: "The bell rang, the pupils ran out, the teacher followed." Chimangirizo chathunthu chikalembedwa motere chimafanana ndi mtolo wa nkhuni womangidwa ndi ulusi.

Eni ake chiyankhulochi anatopa nazo kalekale ziganizo zodzionetsera. M'chaka cha 1948, boma la Britain linasindikiza buku la Sir Ernest Gowers lotchedwa Plain Words pofuna kuti ogwira ntchito m'boma azilemba makalata oti anthu wamba amve. M'chaka cha 1979, Chrissie Maher anayambitsa bungwe la Plain English Campaign, ndipo anang'amba mafomu a boma osamveka pa Parliament Square mu mzinda wa London. Ku United States, lamulo la Plain Writing Act la 2010 limalamula nthambi za boma kulembera anthu momveka. Ngati amene anayamwa Chingerezi kubere amachita kukhazikitsa malamulo oletsa kupiringiza mawu, mwana wa Fomu 4 akufuna kudabwitsa yani?

Ena adzatsutsa kuti chimangirizo cha ziganizo zazifupi zokhazokha chimamveka chachibwana, ndiponso kuti ochonga mayeso amakondwera ndi wophunzira wosinthasintha kapangidwe ka ziganizo. Zimenezi n'zoona. Mfundo zina sizingatheke kunenedwa popanda nthambi, makamaka pofotokoza chifukwa, nthawi kapena zofunika kukwaniritsa. Lamulo lakuti munthu alandire malipiro pokhapokha atagwira ntchito kawirikawiri sililembedwa m'Chingerezi popanda if kapena mawu ena onga amenewo. Koma kusinthasinthako kuyenera kuchokera m'maganizo a wolemba. Ganizo likakhala limodzi, chiganizo chikhale chopanda nthambi. Maganizo akakhala awiri olingana, chikhale chazigawo. Lina likadalira linzake, chikhale chanthambi. Kupachika nthambi pamene palibe ganizo ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mlandu wa zonsezi si wa ophunzira okha. Mphunzitsi amene amalemba mayina anayi aja pabolodi, n'kuuza ana kuti aloweze, kenaka n'kupita ku mutu wina, wagwira theka la ntchito. Mwana angatchule mayinawo mosadodoma koma n'kulephera kulemba kalata yopempha ntchito. Kuli bwino kumupatsa mfundo ziwiri, monga yakuti mvula inachedwa ndi yakuti chimanga chinapsa, kuti azilumikize m'njira zitatu ndi kufotokoza m'mene tanthauzo lasinthira.

Wophunzira nayenso, asanapereke chimangirizo chake, afunse chiganizo chilichonse mafunso atatu. Kodi mneni wamkulu ali pati? Kodi mwininkhani wake ndani? Kodi mfundo yofunika kwambiri ili m'nthambi yoyima payokha? Chiganizo chimene chalephera kuyankha chidulidwe pawiri mopanda chisoni. Wochonga mayeso ali ndi mulu wa mapepala patebulo, ndipo sadzabwerera katatu pa chiganizo chimodzi kufunafuna zimene mwana amati anene. Adzapereka malikisi pa zimene wamva.