NKHOKWE ZA MAU ACINSINSI: KODI YOLIMBA NDI ITI?

Masiku ano lamya ya m'manja yasanduka thumba la ndalama ndi bokosi la makalata, ngakhale kumidzi. Khomo lililonse la pa intaneti lifuna mau acinsinsi, ndipo popeza kukumbukira onse nkobvuta, akatswiri anapanga mapulogalamu owasungira pamodzi monga cimanga m'nkhokwe. Mwini akumbukira mau amodzi okha, amene ndiwo mfungulo ya nkhokwe yonse.

Koma nkhokwe nayo imabooledwa. M'caka ca 2022 mbala zinalowa m'makompyuta a kampani ya LastPass ya ku America, ndipo mu December kampaniyo inabvomera kuti nkhokwe za anthu zinatengedwa. Mau acinsinsi anali obisidwa ndi njira yochedwa AES-256, imene isandutsa malemba kukhala osawerengeka, koma maina a malo a pa intaneti anali poyera. Amene anali ndi mfungulo yaifupi anakhala pa ngozi, pakuti mbala zingayese mau miyandamiyanda popanda woziletsa.

Kampani ya 1Password ya ku Canada iwonjezera mfungulo yaciwiri ya zilembo ndi manambala 34, imene ikhala pa lamya ya mwini, ndipo kampaniyo siidziwa. Bitwarden, imene inayamba mu 2016, iika poyera kapangidwe ka pulogalamu yake kuti aliyense wodziwa aone pamene pali pofooka. Zonse ziwirizi zisunga nkhokwe m'makompyuta akutali.

KeePass, imene Dominik Reichl wa ku Germany anaiturutsa mu 2003, njaulere ndipo isiya nkhokwe pa kompyuta ya mwini. Apa mbala sizipeza nkhokwe zambiri pa malo amodzi, koma kompyuta ikatayika popanda kope lina, zonse zapita. M'malamya ambiri a Android muli kale nkhokwe ya Google, imene kulimba kwake kudalira akaunti ya Google ndi loko ya lamyayo.

Motero mphamvu ya nkhokwe iliyonse yagona pa mfungulo. Mu January 2024 LastPass inalamula kuti mfungulo isacepere zilembo 12. Dzina la mwana kapena caka cobadwa sizithandiza. Mau angapo osagwirizana, olumikizidwa pamodzi, ndiwo olimba. Ayenera kulembedwa pa pepala ndi kubisidwa bwino panyumba, cifukwa akaiwalika, kampani monga Bitwarden siingawabweze. Ndipo wofunsa mau amenewa pa lamya, ngakhale adziche wa ku ofesi, asauzidwe kanthu.