Dzina Lobadwira pa Chipala

Tiyeni tikumbukire munthu wamakedzana uja amene, ataima pa chipala thukuta lili kamukamu, mvukuto ikupemerera makala ndi nyundo ikulira pa chitsulo chofiira, sanadziwe konse kuti ntchito ya manja ake idzasanduka dzina la zidzukulu zake kufikira mibadwomibadwo. Pakuti Smith wa ku England, Schmidt wa ku Germany, Kowalski wa ku Poland, Ferrari wa ku Italy, ngakhalenso Haddad wa kwa Aarabu, onsewa mayina awo anachokera kwa wosula zitsulo. Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti mudzi wonse unkadalira nkhwangwa ndi misomali yake, kotero kuti munthu akangoti "kwa wosula," palibe amene ankafunsanso kuti wosula wake uti.