Dzina la Namoko Lilembedwe pa Mwala

Mzinda wa Barcelona ku Spain udacha munda wina wa maluwa dzina la Tete Montoliu, katswiri wa piyano amene adabadwa wakhungu mu 1933 namwalira mu 1997. Tsono mwana wopita pamenepo amawerenga dzinalo nafunsa mbiri yache.

Dziko lino nalonso lidali ndi wakhungu waluso, Alan Namoko, amene ankaimba banjo ndi gulu la Chimvu Jazz, m'Chilomwe ndi m'Chichewa, kufikira imfa yache mu 1995. Nyimbo zache zidamveka pa wailesi ya MBC ndi kunja komwe. Koma ana obadwa iye atapita akula tsopano, ndipo akamva nyimbozo afunika wowauza mwini wache.

Ku Chonde, m'boma la Mulanje, Alomwe amasonkhana pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Malo oyenera mwala wolembedwa dzina lache ndi zaka zache ndi amenewo. Mtengo wache ngwochepa; chosowa ndi woyambitsa. Akulu a Khonsolo ya Mulanje akambirane ndi mafumu ndi abale ache, ndipo aphunzitsi adzaperekeze ana a sukulu kukawerenga mauwo. Pakuti mtundu woiwala aluso ache sulimbitsa mtima ana ofuna kuwatsata.