Lekani kunamizira nkhukundembo

Sabata yatha, pa pologalamu ina ya zaumoyo pa wailesi, muulutsi anatiuza molimba mtima kuti nyama ya nkhukundembo ili ndi mankhwala ogonetsa, ndiye oyendetsa galimoto ayipewe pa Khirisimasi. Umboni wake unali woti ku America anthu akaidya pa chikondwerero cha Thanksgiving amawodzera nyumba yonse. Ndinazimitsa wailesi mtima ukuwawa.

Bodza limeneli ndi lakale, ndipo kwawo komweko linagwetsedwa kale. Mu Disembala 2007 madokotala awiri, Rachel Vreeman ndi Aaron Carroll, analemba m'magazini ya zachipatala ya BMJ za zikhulupiriro zabodza zimene ngakhale madokotala amazimeza, ndipo nkhani ya nkhukundembo inali pomwepo. Papita zaka zonsezi, ife nkumaitola kudzala ngati yatsopano!

Chimene amachinenacho ndi tryptophan, kachigawo kena ka mapuloteni. Nzoona kuti thupi limaigwiritsa ntchito popanga serotonin ndi melatonin, zimene zimathandiza kuti munthu agone. Nzoonanso kuti mu nkhukundembo ilimo. Koma mu nkhuku ilimonso, pafupifupi mlingo womwewo. Mu nyama ya ng'ombe ilimo. Mu soya ndi mu nthanga za maungu ilimo yochuluka kuposa mu nkhukundembo. Nanga bwanji sitinamvepo wailesi ikuchenjeza za nkhuku? Pa chinkhoswe chilichonse anthu amatafuna nkhuku mpaka mafupa, kenako nkuvina mpaka dzuwa kulowa. Ndani anagwapo ndi tulo pakati pa bwalo chifukwa cha ntchafu ya nkhuku?

Otsutsa ali ndi yankho limodzi lokha: "Koma anthu amagonadi akatha kudya." Inde amagona! Tangoonani zimene zimakhala patebulo tsiku la Thanksgiving: mbatata yakachewere yopotedwa ndi batala, buledi wokometsera amene amaphikira m'mimba mwa nkhukundemboyo, mbatata ya kholowa yothira shuga, keke ya maungu, vinyo pambali. Munthu wapakula kawiri kapena katatu, wamasula lamba, wakhala pampando wawofowofo kuonera mpira. Mwa zonsezi, wopalamula akhale mbalame? Kuganiza kotere nkwa munthu amene waona mvula itagwa tambala atalira, nkumati tambala ndiye wagwetsa mvula.

Chowawitsa mtima nchoti sayansi yake imaloza kwina kwenikweni. Kuti tryptophan ifike ku ubongo imalimbirana khomo limodzi ndi tizigawo tina ta mapuloteni, ndipo mu nyama tizigawo timeneti ntochuluka kwambiri moti imapanikizidwa. Chimene chimaitsegulira njira ndi zakudya zokhutitsa monga mbatata, buledi ndi shuga, chifukwa zimadzutsa insulini, yomwe imakokera tizigawo tinato mu minofu. Ife sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi anthu a ku America. Aliyense amene anadyapo mitanda itatu ya nsima masana a mu Okutobala akudziwa tulo timene timabwera, ngakhale ndiwo zake zikhale bonongwe.

Wina anandiuza kuti ndikukuza nkhani, poti ndi nthabwala chabe ya pa Facebook. Ayi. Pa wailesi sinanenedwe ngati nthabwala, inanenedwa ngati langizo la zaumoyo kwa madalaivala. Dalaivala wa minibasi amene wamva zimenezo asiya nkhukundembo, yomwe mwina sakanaigula nkomwe poti ndi yodula, akhuta mpunga ndi nkhuku, athirapo mabotolo awiri, alowa pamsewu akudziona wotetezeka. Mowa sunatchulidwe ngakhale kamodzi pa pologalamu yonseyo. Kukhuta sikunatchulidwe. Kugona mochedwa sikunatchulidwe.

Ndibwerezenso, poti ena makutu awo ndi ouma: tryptophan ya mu nkhukundembo ndi yofanana ndi ya mu nkhuku imene mwadya Lamulungu lapitali. Muulutsi uja anali ndi foni m'manja, anali ndi intaneti, anali ndi madokotala amene akanawaimbira. Sanafunse aliyense. Ndikuyembekeza kumumva pa ola lomwelo, pa pologalamu yomweyo, akuuza madalaivala aja kuti anawasocheretsa, Khirisimasi isanafike.