"Tamva" si "tavomera"

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, lero ndabwera ndi mlandu, ndipo woyamba kuzengedwa ndine.

Chaka chatha pasukulu yomwe ndimaphunzitsa, kuno ku Angónia cha ku Dómuè, tinaitanitsa msonkhano wa Conselho de Escola. Nkhani inali yomanga zipinda ziwiri, poti ana a kalasi yoyamba amaphunzirira pansi pa mtengo, ndipo chisanu cha mu Juni kuno mukuchidziwa. Bungwe lina linalonjeza malata ndi simenti. Njerwa, mchenga ndi madzi anati zichokere kwa makolo. Mlendo analankhula Chipwitikizi ola lathunthu, ine n'kumasulira mwachidule m'mphindi zisanu. A nyakwawa anaimirira nati, "Tamva." Mu acta tinalemba kuti "a comunidade concordou", kutanthauza kuti mudzi wavomera. Tonse tinasaina, ena n'kudinda chala.

Mvula ya mu Novembala inatipeza tilibe njerwa ndi imodzi yomwe. Simenti inauma m'matumba. Lipoti linati makolo alibe chidwi ndi maphunziro a ana awo.

Limenelo ndi bodza, ndipo ndinathandiza nawo kulilemba. Aliyense wobadwira kuno akudziwa kuti "tamva" ndi ulemu wopatsa mlendo. Akuluakulu amakhala akunena kuti mawu afika, akakambirana kaye kumudzi. Lonjezo lenileni limamveka chonchi: "Ife a mudzi uno tiziumba njerwa Lachiwiri lililonse mpaka Ogasiti, uvuni tiwotcha tisanayambe kusosa." Likutchula wochita, tsiku lake, ndipo mboni zilipo. Pamsonkhano paja palibe amene ananena mawu otere, chifukwa palibe amene tinam'funsa.

Tikadafunsa m'Chinyanja, amayi akadatiuza kuti miyezi yomwe tinaika papepala ndi yomwe amakhala kudimba akuthirira kachewere wokagulitsa ku Ulónguè. Abambo akadatiuza kuti mchenga uli kutali, ukufunika ngolo, nanga ng'ombezo alipira ndani? Ntchito yachitukuko imayenda ndi malonjezo: uyu abweretsa chakuti, uyo achita chakuti pofika tsiku lakuti. Mmodzi akasaina zomwe sanamve, khoma silikwera ngakhale ndalama zilipo.

Ena mundiuza kuti Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma, ndipo opereka thandizo amawerenga chimenecho. Zoona, ndime 10 ya malamulo aakulu a dziko a 2004 ikutero. Koma werenganinso ndime 9, yomwe ikuti boma limalemekeza zilankhulo zathu ndi kulimbikitsa kuti zigwiritsidwe ntchito. Kuno ku Tete ndi komwe PEBIMO inayesera kuphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo lamulo la maphunziro nambala 18/2018 linavomereza maphunziro a zilankhulo ziwiri. Ndiye mwana aziphunzira m'Chinyanja m'kalasi, mayi ake panja n'kumadinda chala papepala lomwe sakulimva? Ngakhale ndalama za ADE zikabwera, ndi makolo angati amamva zomwe tamata pakhoma la ofesi?

Acta ya Chipwitikizi ilembedwe ndithu, ipite ku boma. Koma ndikupempha zinthu zitatu. Msonkhano wa makolo uzichitika m'Chinyanja, ndipo womasuliridwa akhale mlendo. Tisamatseke msonkhano mudzi uliwonse usananene ndi pakamwa pake chomwe uchite ndi tsiku lake, ndipo wokana akane poyera, osamuchititsa manyazi. Pomaliza, acta iwerengedwe mokweza m'Chinyanja munthu asanagwire cholembera.

Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Anthu athu amaliopa lonjezo, n'chifukwa chake salipereka mwachisawawa. Chaka chino tinakhalanso pansi, ine n'kupepesa pamaso pa a nyakwawa. Msonkhano unatenga masana onse, midzi iwiri inakana mwezi womwe tinatchula, tinasintha. Uvuni woyamba wapsa sabata yatha.

Nanga kusukulu kwanu, acta yomaliza inawerengedwa m'chilankhulo chanji?